Woimba saksofoni ya besi uja nayenso ali ndi dzina

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione yaing'ono, koma ine yandikhala pamtima kwa zaka zambiri. M'nyuzipepala yanu, monganso m'nyuzipepala zina za kuno ku Harare ndi za kumudzi ku Malawi, nkhani ya phwando la zoimbaimba imakonda kutha ndi mawu akuti "mothandizidwa ndi oimba ena." Mtolankhani amatchula mwini gulu, amafotokoza zovala zimene adavala, amatchulanso mlendo wolemekezeka amene adakhala pampando wakutsogolo, koma akafika pa anthu amene adaitanidwa kudzathandiza usiku umenewo ndi malipenga, zitoliro kapena mawu ovomereza, cholembera chake chimauma. Ndikupempha kuti chizolowezi chimenechi chithe, ndipo pempho langa ndilifotokoza kudzera m'chida chimodzi chimene chimaiwalika kuposa zinzake zonse, saksofoni ya besi.

Chimene chandichititsa kulemba ndi kanema amene mdzukulu wanga adandionetsa pafoni masiku apitawa. Linali gulu lina lakunja loimba chamba cha rock, ndipo nyimbo ili mkati, pansanja padakwera munthu atakoleka chida chachikulu chamkuwa, chopindika kumtunda ndi kumunsi, chimene mlomo wake udali pafupi ndi chifuwa chake pamene tsinde lake lidatsikira kumaondo. Mwanayo adandifunsa kuti, "Agogo, lipenga lanji limeneli?" Ine ndidachizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndidakulira m'nyumba imene chida chotere chinkagona kuseri kwa chitseko. Ndidamuuza kuti awerenge mayina amene adalembedwa m'munsi mwa kanemayo. Adawerenga la woimba mawu, la woimba gitala, la woimba ng'oma, ngakhale la munthu amene adajambula kanemayo, koma la uja adanyamula chida cholemera kuposa zonse pansanjapo panalibe.

Amalume anga, mlongo wa mayi anga, adabwera kuno kuchokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 monga adachitira machona ambiri, ndipo masana ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Mbare, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Harari. Saksofoni ya besi adaigula pangongole kwa mzungu wina amene anali ndi gulu loimba m'madansi ndipo ankasamuka m'dziko muno. Makondakitala ankafuna kuti bokosi lake alilipirire mpando wakewake m'basi, choncho iwo ankalimanga panjinga ndi mphira n'kumakankha njingayo akuyenda pansi. Ndikukumbukira mmene ankaisamalira Loweruka m'mawa. Ankanyika kabango kake m'tambula ya madzi, n'kukapala pang'onopang'ono ndi lezala mpaka kapyapyale kunsonga, kenaka ankadontheza mafuta a makina osokera m'timfundo ta mabatani. Zikopa zotseka mabowo a m'munsi zinali zazikulu ngati kukamwa kwa kapu, ndipo zikatha ankadula zina pa chikopa chofewa chimene ankapempha kwa wosoka nsapato. Akatha zonsezi ankaomba liwu limodzi lokha, lotsikitsitsa lija, ndipo mbale zachitsulo za mayi anga zinkanjenjemera pashelefu. Ife ana liwulo tinkalimva m'chifuwa ndi m'mapazi lisanafike n'komwe m'khutu.

M'zaka za m'ma 1970 anyamata a m'malokeshoni adatengeka ndi rock, ndipo magulu ngati Wells Fargo a ku Bulawayo adaonetsa kuti ana akuda a dziko lino angathe kuimba chambachi mwaokha. Magulu ang'onoang'ono a ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose akafuna kuti nyimbo yawo ilemere, ankatuma mwana kukaitana amalume. Ankaimba nawo usiku wonse, ankalandira ndalama yawo m'manja phwando likatha, ndipo m'mawa mwake ankabwerera pamakina awo osokera. Dzina lawo silidalembedwepo pachikwangwani chilichonse choitanira anthu. Kamodzi adalowa nawo mu situdiyo, ndipo kachimbale kakang'ono kamene kadatuluka ndikali nako mpaka lero. Pakati pake padalembedwa dzina la gulu ndi la wopeka nyimbo, basi.

Anthu ambiri sadziwa kuti chida chimene chimaiwalikachi ndicho chachisamba m'banja lonse la masaksofoni. Adolphe Sax, mmisiri wa zida zoimbira amene adabadwira ku Dinant m'dziko la Belgium m'chaka cha 1814, adayamba ndi saksofoni ya mawu otsika, ndipo ndi imeneyi imene wopeka nyimbo wa ku France, Hector Berlioz, adaiyamikira m'nyuzipepala ya ku Paris m'chaka cha 1842. Chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lake Sax adachilandira mu 1846. Alto ndi tena, zimene lero timaziona m'manja mwa oimba pamaukwati ndi m'matchalitchi, ndi zimene zidatchuka pambuyo pake. Oimba kwaya andimvetsa ndikanena kuti saksofoni ya besi imalira pa doh wam'munsi pamene ya tena ikulira pa doh wapamwamba pake, ndipo imatsika kuposa ya baritoni, imene anthu ambiri amaisokoneza nayo. Liwu lake lotsikitsitsa limagwedeza mpweya pafupifupi ka 52 pa sekondi imodzi, ndipo kasipika ka foni sikangathe kutulutsa liwu lotere. N'chifukwa chake mdzukulu wanga ankaona munthu uja akufufuma masaya ndi kutuluka thukuta, koma zimene ankaomba sankazimva bwino. Woimba wotere amatayika kawiri, poyamba m'makina amene timamvetsera nyimbo masiku ano, kenaka papepala pamene pamalembedwa mayina.

Chidachi chidakhalapo ndi nyengo yake ya ulemerero. M'zaka za m'ma 1920 ku America, Adrian Rollini ankachiimba m'gulu la California Ramblers ndipo adajambulanso nyimbo ndi woimba lipenga Bix Beiderbecke, ndipo ankachiyendetsa mopepuka ngati kuti ndi kachitoliro. Masiku amenewo makina ojambulira nyimbo ankagwira bwino mawu a zida zouzira kuposa a besi ya zingwe, motero saksofoni ya besi ndi lipenga lalikulu lotchedwa tuba ndizo zinkagwira tsinde la nyimbo. Kujambula kwa magetsi ndi maikolofoni kutayamba m'chaka cha 1925, besi ya zingwe idayamba kumveka bwino ndipo pang'onopang'ono idalanda malowo, pamene magulu akuluakulu a m'ma 1930 adakonda baritoni chifukwa ndi yosavuta kunyamula. Rollini mwini wake adatembenukira ku chida china chotchedwa vibraphone. Pamene kampani ya Fender idatulutsa gitala ya besi yamagetsi mu 1951, nkhani idatheratu, kotero kuti rock idabadwa malo a m'munsi ali ndi mwini kale.

Komabe saksofoni ya besi sidafe m'chambachi. Rodney Slater ankaiimba m'gulu la Bonzo Dog Doo-Dah Band ku England m'zaka za m'ma 1960, Angelo Moore wa Fishbone ndi John Linnell wa They Might Be Giants akhala akuinyamula pansanja, ndipo Colin Stetson, amene waimbapo ndi Arcade Fire, Bon Iver komanso Tom Waits, amaiomba kwa mphindi zambiri osadukiza, pokoka mpweya ndi mphuno uku akukankha wina ndi masaya. Atatu oyambawo timawadziwa chifukwa anali eni magulu awo. Stetson adadziwika kwenikweni atayamba kutulutsa zimbale zakezake. Nanga amene alibe gulu, alibenso chimbale, amene amangoitanidwa kwa nyimbo ziwiri n'kutsika pansanja anthu akuombera m'manja mwini phwando, adzadziwika bwanji? Chida chimenechi ndi chokwera mtengo ndipo sichifunika m'nyimbo iliyonse, choncho gulu silimusunga woimba wake mwezi ndi mwezi. Moyo wake wonse amakhala mlendo, ndipo akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kawirikawiri kachigawo kamene anthu amakakumbukira m'nyimbo kamakhala kamene mlendoyo adabwera nako.

Mbiri ya rock ili ndi umboni wokwanira wa zimenezi. Kalipenga kokwera mawu kamene kamamveka m'nyimbo ya Beatles yotchedwa Penny Lane, ya 1967, adaimba ndi David Mason, koma pachimbalecho dzina lake panalibe. Chaka chotsatira Eric Clapton adaimba gitala m'nyimbo ya gulu lomwelo, While My Guitar Gently Weeps, ndipo nayenso sadalembedwe. Ku Detroit, gulu la oimba aganyu lotchedwa Funk Brothers, mmene munali katswiri wa besi James Jamerson, lidaimba m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown, koma mayina awo adayamba kuoneka pachikuto mu 1971, pachimbale cha Marvin Gaye chotchedwa What's Going On. Ku Los Angeles kunali anthu ngati Carol Kaye woimba besi ndi Hal Blaine woimba ng'oma, amene manja awo ndiwo ankamveka m'zimbale za magulu otchuka pamene nkhope zojambulidwa pachikuto zinali za ena. Clapton sadataye kanthu, chifukwa anali wotchuka kale ndipo nkhaniyo idawanda yokha. Amene amapwetekeka ndi uja amene dzina lake likasowa papepala, ndiye kuti lasowa padziko lonse.

Nkhani ya Clare Torry imaonetsa chimene dzina lolembedwa limachita. Mu 1973 adaitanidwa ku situdiyo ya Abbey Road kukaimba m'nyimbo ya Pink Floyd yotchedwa The Great Gig in the Sky, adapeka yekha mayendedwe a mawu ake pomwepo, ndipo adalipidwa mapaundi 30. Dzina lake lidalembedwa ngati woimba chabe, osati wopeka nawo. Mu 2004 adakasuma kukhoti, ndipo mu 2005 adagwirizana kunja kwa khoti kuti azilembedwa ngati mmodzi wa opeka nyimboyo. Zidamutengera zaka zoposa 30, koma anali ndi poyambira, chifukwa palibe amene akadakana kuti mawuwo ndi ake. Amalume anga akadafuna kudandaula, sakadakhala ndi chosonyeza chilichonse kupatula mawu a m'kamwa mwawo.

Ndikudziwa zimene eni magulu amayankha, ndipo sindikuzitaya. Amati ganyu ndi ganyu, munthu adagwirizana mtengo, adalandira, nkhani idatha, ndipo wolima ganyu salemba dzina lake pankhokwe ya mwini munda. Ndi zoona kuti ambiri mwa eni magulu athu nawonso amavutika, ndipo nthawi zina akalipira holo ndi zokuzira mawu amatsala opanda kanthu. Koma wolima ganyu amalima masana anthu a m'mudzi akuona, ndipo mawa wina adzamuitana chifukwa adaona mizere yake. Woimba waganyu amaima kumbuyo kumene magetsi safika, ndipo ntchito yake imapitirira kulira pawailesi zaka makumi angapo iye kulibe. Kwa iye dzina ndilo khasu lopezera ganyu wotsatira. Kulemba dzina sikuchotsa ngakhale senti imodzi m'thumba la mwini gulu. Kale ankanena kuti pakati pa kachimbale kakang'ono palibe malo okwanira mayina onse, ndipo tinkawamvetsa, koma lero nyimbo zimaikidwa pa YouTube ndi pa Facebook, pamene munthu angathe kulemba mayina makumi awiri popanda womuletsa. Mabungwe oona za umwini wa nyimbo, monga ZIMURA kuno ndi COSOMA ku Malawi, amagwira ntchito ndi zolembedwa, ndipo sangamutsate munthu amene sadalembedwe paliponse.

Pali ena amene amasankha okha kubisika, ndipo ameneŵa tiwalemekeze. Wina ali ndi pangano ndi kampani ina, monga George Harrison wa gulu la Beatles amene adalembedwa ndi dzina lopeka lakuti L'Angelo Misterioso pamene adaimba gitala m'nyimbo ya gulu la Cream imene idatuluka mu 1969. Wina ndi mkulu wa mpingo amene safuna kuti akhristu anzake amve kuti Loweruka usiku anali kubala. Ife Achewa timadziwa bwino kuti pali kubisa dzina kumene kuli mwambo, chifukwa pabwalo la gule palibe amene amafunsa kuti wavinayo ndani. Koma pabwalo lomwelo aliyense amadziwa munthu amene ali pa mbalule ndi amene ali pa mpanje, ndipo gule akakoma anthu amawatchula mayina powayamikira. Kubisika kosankha wekha ndi kosiyana ndi kuiwalidwa chifukwa palibe amene adavutika kukufunsa dzina, ndipo njira yosiyanitsira ziwirizi ndi yapafupi, ndiyo kumufunsa mwini wake.

Kwa ife ana a machona nkhani imeneyi ili ndi ululu wina wapadera. Makolo athu adakumba migodi, adalima fodya m'mapulazi, adaphika m'nyumba za ena ndi kusesa misewu ya mzinda uno, ndipo kwa zaka zambiri ana awo obadwira konkuno ankayenda ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 adakonzako zimenezi. Timadziwa kuwawa kwa kugwira ntchito imene aliyense akuidyerera koma dzina lako osaoneka. Timadziwanso kukoma kwa dzina likaoneka. Mu Febuluwale 1987 ndidali m'gulu la anthu amene adadzaza bwalo la Rufaro kudzaonera Paul Simon, Miriam Makeba, Hugh Masekela ndi Ladysmith Black Mambazo. Ambiri a ife a ku Mbare maso athu adali pa woimba gitala, Ray Phiri, wa ku South Africa koma wa mbumba ya ku Malawi. Tinkamudziwa chifukwa dzina lake lidalembedwa pachikuto cha chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland, ndipo madala ankakodolana n'kumauzana kuti uyo ndi Phiri, mwana wa kwathu. Dzina limodzi lolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono lidawongola misana ya anthu ambiri tsiku limenelo. Momwemonso lero timanyadira Alick Macheso akamaimba m'Chichewa, ndipo ndimayamikira oimba a sungura amene ali ndi chizolowezi chotchula mayina a anzawo nyimbo ili mkati. Chizolowezi chimenechi n'chabwino, ndipo oimba rock ndi jazz akadatengerapo phunziro.

Dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya saksofoni imene tiyenera kuisunga bwino. August Musarurwa wa ku Bulawayo adapeka Skokiaan ndi saksofoni yake, nyimboyo idafika ku America kumene Louis Armstrong adaijambula mu 1954, ndipo dzina la Musarurwa lidapulumuka chifukwa lidalembedwa ngati la wopeka. Pambuyo pake padabwera mibadwo ya oimba zida zouzira amene ankayenda kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina, m'mahotela, m'mabwalo a mowa a khonsolo ndi m'masitudiyo a mumzinda muno. Ambiri a iwo akalamba, ena adatisiya. Mwana wasukulu amene angafune kulemba mbiri yawo zaka zikubwerazi adzayambira m'nyuzipepala zakale, ndipo akadzatsegula adzapeza mawu aja akuti "ndi oimba ena."

Choncho pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mtolankhani wanu akatumidwa kuphwando la zoimbaimba, asabwerere asadapite kuseri kwa nsanja kukafunsa mayina a onse amene adaimba, kuphatikizapo amene adangokwera kwa nyimbo imodzi. Awafunse eni ake mmene dzinalo limalembedwera, chifukwa ngakhale Merry Clayton, amene adaimba ndi Rolling Stones mu 1969, adalembedwa molakwika kuti Mary pachimbale chawo, ndipo mayina athu a Chichewa amapotozedwa kwambiri m'nyuzipepala za kuno. Afunsenso dzina lenileni la chidacho, kuti baritoni isatchedwe besi ndipo saksofoni isatchedwe lipenga. Ngati malo papepala achepa, achotse chiganizo chofotokoza nsapato za mwini gulu. Aulutsi a pawailesi ndi eni magulu ndikuwapempha zomwezo, makamaka pa nthawi ija imene nyimbo yomaliza ikutha ndipo maikolofoni ili m'manja mwawo.

Amalume anga adamwalira m'zaka za m'ma 1990, ndipo saksofoni yawo idagulitsidwa kuti tipeze bokosi ndi chakudya cha pamaliro. Titatha kuonera kanema uja, ndidatulutsa kachimbale kawo ndi kukaika pa galamafoni yakale imene ndimaisunga m'chipinda, ndipo ndidauza mdzukulu wanga kuti aike chikhatho chake pathebulo pamene padakhala sipika. Gitala itangoleka kulira pakati pa nyimbo, thabwalo lidayamba kunjenjemera pansi pa dzanja lake, ndipo ndidamuuza kuti amenewo ndi agogo ake aakulu. Adatembenuza chikutocho mbali zonse ziwiri kufunafuna dzina, kenaka adatenga cholembera n'kundiuza kuti ndimutchulire zilembo zake chimodzichimodzi. Ngati mtolankhani wanu wa tsamba la zachikhalidwe angafune kudzamva nyimboyo ndi kukumana ndi madala awiri amene adaimba nawo masiku amenewo, amene akali moyo ku Mufakose, kachimbaleko kali kunyumba kwanga ndipo ndidzamuperekeza ndekha.

Ine wowerenga wanu,
Highfield, Harare